Nkhope pa chinsalu: mafunso amene anthu amandifunsa pa zithunzi zopenta

Ndimapenta nkhope za anthu m'kachipinda kamene ndimachita lendi kuno ku Kabwata, mu Lusaka. Ena amabwera atatenga chithunzi cha makolo awo m'chikwama, ena akufuna kuti ndiwapente iwo eni, ena amangosuzumira pakhomo kuti aone zimene zikuchitika. Mafunso awo ndi omweomwewo, ndiye ndaganiza zowayankha pamalo amodzi. Angapo ndi a mtengo ndi masiku. Ambiri amayamba ngati akufunsa za penti, koma amakathera pa nkhani yoti munthuyo amadziona kuti ndi ndani, ndipo ndani ali ndi ufulu wonena zimenezo.

Foni yanga imajambula bwino kwambiri. Kupentetsa chithunzi n'kwa chiyani?

M'chinenero chathu mawu oti kujambula amagwira zonse ziwiri, kamera ndi dzanja, n'chifukwa chake funsoli silichedwa kubwera. Kamera imatola kamphindi kamodzi, kaja munagwira mpweya n'kumwetulira chifukwa wina wati "sekani". Wopenta amakhala nanu maola. Amaona mmene mumakhalira mukatopa ndi kudzigwira, kumene maso anu amathawira mukamaganiza, mmene phewa lina linatsikira chifukwa cha zaka zonyamulira katundu mbali imodzi. Zonsezo amaziunjika pa chinsalu chimodzi. Ngati mukufuna chithunzi cha pa reji kapena pasipoti, ku situdiyo akuthandizani msanga. Kwa wopenta mupite ngati mukufuna kuti munthu mnzanu akuyang'anitsitseni mofatsa, kenako anene zimene waona.

Kodi chithunzi chabwino si chimene chafanana ndi mwini wake ndendende?

Kufanana n'kofunika. Wopenta amene walephera kuika mphuno pamalo pake n'kumati "ndi luso lamakono" akukunamizani. Koma kufanana ndi poyambira chabe.

Mayi ena amene amagulitsa tomato ndi impwa ku msika wa Soweto anabwera ndi mwana wawo wamkazi, amene ndiye ankalipira. Mwanayo ankafuna amayi ake atavala diresi la kutchalitchi, wigi kumutu, manja atabisa kuseri kwa chikwama. Tinayamba choncho. Tsiku loyamba mayiwo anakhala ngati ali pa benchi la kuchipatala, khosi lili gwa, milomo atamanga. Nkhope ndinaipeza, koma munthu munalibemo. Tsiku lachiwiri anabwera akuchokera kumsika, duku kumutu, chitenje m'chiuno. Tikudikira mwana uja, anamasula kamfundo ka pangodya ya chitenjecho n'kuyamba kuwerenga ndalama za tsikulo. Zala zinkathamanga zokha, chala chachikulu chili ndi mng'alu wodetsedwa ndi dothi ndi madzi a tomato, maso ali pansi, milomo ikugwedera pang'onopang'ono.

Ndinati, "Amayi, khalani choncho."

Iwo anati, "Mwana wanga, ufuna anthu aone manja oipawa?"

Ndinawakumbutsa kuti manja omwewo ndi amene anaphunzitsa mwana amene akulipira chithunzichi. Anakhala chete kanthawi. Kenako anagamula okha: diresi la kutchalitchi avala ndithu, chifukwa nawonso ndi mayi a mumpingo ndipo safuna kukumbukiridwa ngati a pamsika pokha, koma wigi ayi, ndipo manja akhale poyera pamiyendo. Ineyo ndikanakonda chitenje, mwana akanakonda wigi. Chimene chinapachikidwa pakhoma ndi chimene mwini nkhope anasankha ataganiza, ndipo chinaposa maganizo athu tonse awiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku loyamba lija sindikanawaona.

Zopenta nkhopezi si mwambo wa azungu kodi?

Penti wa mafuta ndi chinsalu chokokedwa pa felemu zinatifikira kuchokera ku Ulaya, zimenezo palibe angatsutse. Kwa zaka mazanamazana kumeneko opentedwa anali mafumu, mabishopu ndi amalonda olemera. Munthu wakuda akapezeka m'chithunzi, kawirikawiri ankakhala chakumbali, atanyamula mbale kapena atagwira chingwe cha hatchi, dzina lake osalembedwa.

Koma nzeru yoti maonekedwe amalankhula za munthu sitinachite kubwereka. Agogo athu aakazi anali ndi mphini pankhope ndi pathupi, ndipo wodziwa kuziwerenga ankadziwa kuti uyu ndi wa kuti, ndiponso kuti wakula. Amene anapitako ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba mu Ogasiti, amadziwa kuti m'Gule Wamkulu chilombo chilichonse chili ndi nkhope yake ndi khalidwe lake: Chadzunda, Maria, Simoni wofiira uja. Nkhope zimenezo sizifanizira munthu mmodzi wodziwika dzina, zimaonetsa khalidwe limene mudzi ukufuna kuyamikira kapena kudzudzula. UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Ine Gule sindipenta, ngakhale alendo amapempha, chifukwa za kudambwe zili ndi eni ake. Koma phunziro lake ndinalitola: nkhope ingathe kunena zoona popanda kukhala galasi.

Ndipo mu Lusaka muno nkhope timavala. Zitenje za nkhope ya Kenneth Kaunda, za atsogoleri a zipani nthawi ya kampeni, masikipa a pamaliro okhala ndi chithunzi cha malemu. Chipilala cha Freedom Statue pa msewu wa Independence, chimene chinaimikidwa mu 1974, chimaonetsa Zanco Mpundu Mutembo, womenyera ufulu wa dziko lathu, akudula maunyolo. Wopenta wa ku Zambia Henry Tayali, wobadwa mu 1943 ndi kumwalira mu 1987, anaphunzira ku Makerere ndi ku Düsseldorf, koma atabwerako anadzaza zinsalu zake ndi khamu la anthu wamba a m'tauni. Chipangizo chinali chakunja, anthu ake anali athu.

Nanga chasintha n'chiyani masiku ano?

Zinthu ziwiri zazikulu: amene akupentedwa, ndi amene wagwira burashi.

Mu Febuluwale 2018 ku National Portrait Gallery ya ku Washington anavundukula zithunzi za Barack ndi Michelle Obama. Cha bamboyo anapenta Kehinde Wiley, amene anatchuka potenga anyamata akuda amene ankakumana nawo mumsewu n'kuwaimika monga ankaimira mafumu ndi akazembe a nkhondo m'zithunzi zakale za ku Ulaya. Obama anamukhazika pampando pakati pa masamba ndi maluwa onena za Kenya, Hawaii ndi Chicago. Cha mayiyo anapenta Amy Sherald, amene khungu la anthu ake amalipaka mtundu wa phulusa, dala, kuti woona asathamangire ku khungu asanaone munthu.

Lynette Yiadom-Boakye, wobadwira ku London mu 1977 kwa makolo a ku Ghana, amapenta anthu amene kulibe. Amawatulutsa m'mutu mwake, koma ukaima pamaso pawo umalumbira kuti unakumanapo nawo. Njideka Akunyili Crosby, wobadwira ku Enugu ndipo amakhala ku Los Angeles, amasindikiza zithunzi za m'magazini a ku Nigeria ndi za m'banja lake pakhoma, pansi, ngakhale pathupi la anthu amene wawapenta, moti munthuyo amaoneka atavala kwawo ngati khungu lachiwiri. Pafupi nafe pali Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973. Iye amasoka tinsalu ta silika n'kupanga zithunzi za iye mwini ali pakhomo, ndi mwana wake, akuchita zinthu za tsiku ndi tsiku zimene kale palibe ankaziona ngati zoyenera kupachikidwa.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri si chopenta, ndi chosema. Mu Seputembala 2022 Samson Kambalu wa ku Malawi anaimika pa Trafalgar Square ku London chifanizo cha John Chilembwe ndi mmishonale John Chorley, kuchokera pa chithunzi cha 1914. Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamukulitsa kuposa mnzakeyo. Chipewa chimodzi chanena zimene mabuku angalembe masamba ambiri.

Kumapeto kwa chaka chomwecho, nyumba yoonetsera zaluso ya Zeitz MOCAA ya ku Cape Town inatsegula chionetsero chotchedwa When We See Us, chokonzedwa ndi malemu Koyo Kouoh, chosonkhanitsa zithunzi za zaka zana za anthu akuda opentedwa ndi akuda anzawo. Zambiri sizinali za njala kapena nkhondo. Zinali za anthu akupuma, akuvina, akupemphera, akukondana.

Kwathu kuno wopenta Stary Mwaba anafukula nkhani ya Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi uja amene mu 1964 ankafuna kutumiza anthu a ku Zambia kumwezi ndi ku Mars, n'kuiyang'ana ngati loto la dziko latsopano osati ngati nthabwala. Gladys Kalichini wagwira ntchito pa akazi amene mbiri yathu inawakankhira kumbali, monga Julia Chikamoneka ndi Alice Lenshina. Funso lake ndi lofanana ndi langa, kungoti iye amalifunsa mozondoka: nkhope ya ndani imene palibe pakhoma?

Ndine Mchewa koma ndinabadwira ku Matero, kumudzi ndinapitako kawiri. Ndivale chiyani kuti chithunzi chionetse chikhalidwe changa?

Ili ndi funso limene ndimalikonda kuposa onse, ndipo amalifunsa kwambiri ndi achinyamata. Tulutsani reji yanu muone. Palembedwa mudzi, mfumu ndi boma. Kwa ambiri a ife mudzi umenewo ndi wa makolo, ndipo mfumuyo sitinaigwadirepo. Timalankhula Chinyanja cha m'tauni chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingelezi, ambuya akabwera kuchokera ku Chadiza kapena ku Katete amatiseka kuti tikuwononga chinenero, koma tikapita ku Copperbelt amatitcha a Kum'mawa n'kuyamba nafe chimbuya. Onjezani nkhani ya maukwati. Mwa Achewa mwana amatsata kuchikazi, mwa Angoni amatsata kuchimuna. Mwana wa mayi Mchewa ndi bambo Mngoni mbali zonse ziwiri zimati ndi wathu. Wa bambo Mchewa ndi mayi Mngoni, mwambo ukatsatidwa ndendende, mbali iliyonse ingathe kuloza inzake. Anthu otere adzaza mu Lusaka, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene ali munthu wa theka.

Ndiye yankho langa ndi ili: musabwereke chovala chimene simunavalepo. Mnyamata amene masiku onse amavala jezi ya timu ya mpira akamanga chikopa cha nyama kumutu chifukwa cha chithunzi, thupi lake limadziwa kuti ndi bodza, ndipo bodzalo limaonekera m'mapewa. Ngati chaka chilichonse mumapita ku Mtenguleni ku Nc'wala n'kukavina ngoma, bwerani nacho chikopacho, ndi chanu. Ngati ayi, valani jeziyo, ndipo tipeze njira ina yolowetsera kwanu m'chithunzi. Mtsikana wina wa ku Chawama amene amagwira ntchito ya makompyuta ndinamupenta atavala buluku la jinzi, koma kumbuyo kwake ndinayala maluwa a chitenje chimene amayi ake anamuberekera nacho ali khanda. Chitenjecho chinali chitasuluka, chong'ambika m'mbali. Anachibweretsa atachipinda m'kapulasitiki ngati chikalata cha nyumba.

Mungandiyeretseko khungu pang'ono?

Amafunsa akazi, amafunsanso amuna, nthawi zambiri motsitsa mawu. Sindimukalipira munthu, chifukwa maganizo amenewo sanawayambitse yekha. Anawapeza m'zotsatsa malonda, m'mafilita a pafoni, m'mafuta oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika, ena mwa iwo okhala ndi mankhwala owononga monga mercury. Koma ndimakana, ndipo ndimamuitana adzaone pa mbale yanga yosakanizira penti.

Khungu lakuda silipentedwa ndi penti wakuda. Ndimayamba ndi burnt umber ndi burnt sienna, mitundu ya dothi, imodzi yoderapo, inayo yofiirira ngati njerwa yootcha. Pamasaya pamafunika kufiira pang'ono chifukwa magazi ali pafupi. Pachipumi ndi pamphuno, pamene khungu limanyezimira, pamagwera kuwala kwa kumwamba, ndiye pamalowa buluu ndi papulo. Pansi pa chibwano pamabwerera mtundu wa malaya amene mwavala. Pa tsaya limodzi la munthu wakuda bii ndingaike mitundu isanu ndi umodzi. Mukati ndiyeretse, mukundiuza kuti ndichotse isanuyo. Kerry James Marshall wa ku America anachita kusankha njira yosiyana kotheratu: anthu ake amawapenta akuda ngati makala, dala, kuti kuda kuoneke ndi ulemerero wake m'nyumba zoonetsera zithunzi zimene kale kunalibemo. Ambiri akaona nkhope yawo itayamba kutuluka ndi mitundu yonseyo, nkhani yoyeretsa saibwerezanso.

Chimodzimodzi ndi zipsera, makwinya ndi mpata wa m'mano. Chiphuphu chimene chatuluka dzulo ndimachisiya, mawa chitha. Chipsera chimene mwakhala nacho zaka makumi awiri ndimafunsa kaye nkhani yake, kenako musankhe ndinu.

Bambo anga anamwalira. Tili ndi kachithunzi kamodzi kokha, kakang'ono. Zingatheke?

Zimatheka, ndipo ntchito zotere ndimazigwira ndi mantha aulemu. Kachithunzi ka pa reji kamandipatsa mafupa a nkhope basi. Zotsalazo ndimazitenga kwa inu. Ndimapempha kuti abwere anthu awiri kapena atatu amene ankawadziwa bwino, makamaka mlongo wawo kapena mwana amene anatengera nkhope yawo, kuti ndione khungu ndi kayendedwe ka pakamwa. Ndimafunsa ngati ankaseka poonetsa mano, ankakonda chipewa chanji, ankakhala bwanji pampando. Achibale amatsutsana, wina kuti anali aukali, wina kuti anali anthabwala, ndipo mkangano umenewo umandithandiza kuposa kachithunzi kaja.

Chenjezo limodzi. Pali mapulogalamu a pafoni amene amati amakonza zithunzi zakale. Amachita kupeka maso ndi milomo pamene sanaone bwino, ndipo amatulutsa munthu wosalala amene si bambo anu. Ndibweretsereni choyambiriracho, ngakhale chili chothimbirira.

Ndinaona chithunzi cha mayi wosenza nkhuni chikugulitsidwa kwa alendo. Kodi mwini wake amadziwa?

Kawirikawiri sadziwa, ndipo apa tiyenera kudzidzudzula ife opentafe. Pali chizolowezi chojambula munthu mobisa pamsika kapena m'komboni, kukamupenta, n'kugulitsa nkhope yake kwa mlendo amene akufuna kupita kwawo ndi "Africa". Mayi wosenza nkhuni, mwana wamamina, nkhalamba ya kaliwo. Mwini nkhope salandira kanthu, dzina lake palibe, ndipo umphawi wake wasanduka chokongoletsera pabalaza pa munthu wina. Zimenezi sizikusiyana ndi zithunzi zakale zija za wonyamula mbale, kungoti burashi tagwira ndife.

Sindikunena kuti osauka asapentedwe. Apentedwe kwambiri, pakuti ndi amene akhala akusowa pamakoma. Koma apemphedwe, auzidwe kumene chithunzicho chikupita, apatsidwe kangachepe, ndipo achione chikatha. Mukamagula, funsani kuti munthuyu ndi ndani. Wopenta akasowa choyankha, mwadziwa.

Ndinamva kuti zithunzi za ku Africa zikugulidwa ndalama zankhaninkhani. N'zoona?

Zina, inde. Chithunzi chotchedwa Tutu chimene Ben Enwonwu wa ku Nigeria anapenta mu 1974 chinasowa kwa zaka zambiri, chinapezeka m'nyumba ina ku London, ndipo mu 2018 chinagulidwa pa mapaundi 1.2 miliyoni. Amoako Boafo wa ku Accra, amene amapaka khungu la anthu ake ndi zala m'malo mwa burashi, chithunzi chake china chinafika pa mapaundi 675,000 pa okushoni mu Febuluwale 2020. Koma ndalama ya pa okushoni imapita kwa amene akugulitsa, yemwe nthawi zambiri anagula motchipa kwa wopentayo. Ndipo msika woterewu uli ndi msampha wake: achinyamata amayamba kupenta zimene akuganiza kuti akunja akufuna, maluwa kumbuyo ngati Wiley, zala ngati Boafo, mpaka nkhope za ku Kalingalinga zimayamba kuoneka ngati za ku Accra.

Za mtengo wanga, zimatengera kukula kwa chinsalu, kuchuluka kwa anthu, ndiponso ngati mukufuna makala, acrylic (penti wosungunula ndi madzi) kapena penti wa mafuta. Manja akakhalamo mtengo umakwera, chifukwa manja ndi ovuta kuposa nkhope. Theka mumapereka poyamba kuti ndigule zipangizo.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ndichisamale bwanji?

Cha makala chimatha m'masiku ochepa. Acrylic amauma msanga. Penti wa mafuta amafuna kuti wapansi aume wina asanapakidwe pamwamba, ndiye werengerani masabata angapo, ndipo nyengo ya mvula amachedwerapo. Ndimapenta masana okha, chifukwa babu amanamiza mitundu. Kunyumba musachipachike moyang'anizana ndi dzuwa, pafupi ndi mbaula, kapena pakhoma limene limachita chinyezi. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala muzichotsa ndi burashi yofewa youma. Madzi ndi sopo ayi.

Ndingakaone kuti zithunzi zotere mu Lusaka?

Yambirani ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds, komwe kulinso likulu la Visual Arts Council of Zambia. Kumeneko mungapeze opentawo ali pantchito n'kucheza nawo. Lechwe Trust, imene inakhazikitsidwa mu 1986 ndi Cynthia Zukas, Bente Lorenz ndi Tayali mwiniyo pofuna kuti ntchito zabwino za luso zisamathere kunja, ili ndi nyumba yake yoonetsera pa msewu wa Lagos ku Rhodes Park. Lusaka National Museum ili pa msewu wa Independence. Palinso 37d Gallery ku Kabulonga, Modzi Arts, ndi Lusaka Contemporary Art Centre imene anayambitsa Victor Mutelekesha. Anthu ambiri amaopa kulowa poganiza kuti ndi malo a azungu ndi mabwana. Lowani, simukakamizidwa kugula. Tengani ndi ana. Amene mwana wawo waonetsa dzanja, dziwani kuti ku Evelyn Hone College amaphunzitsa luso limeneli.

Ndavomera. Pobwera nditenge chiyani?

Zovala ziwiri: chimene mumavala mukafuna kuoneka bwino, ndi chimene mumavala kwambiri. Tidzayesa zonse. Tengani chinthu chimodzi chimene manja anu anachizolowera, kaya ndi Baibulo lothetheka, sipanala, mthiko, makiyi a minibasi kapena foni imene. Musapite kokakonzetsa tsitsi mwapadera, ndipo idyani musanabwere, chifukwa munthu wanjala nkhope yake imagwa pakatha ola limodzi. Mudzakhala pampando wa pafupi ndi windo, kuwala kukubwera chakumanzere kwanu. Theka la ola loyamba sindigwira burashi. Ndimateleka tiyi, n'kukufunsani kuti kunyumba amakuitanani dzina liti.